Tochi Yomwe Inadya Mwana wa Nkhumba

"Ndiye mukundiuza kuti mwana wa nkhumba yense uja walowa m'kachitsulo aka?"

Bizwick anafunsa akuyang'ana mkazi wake, ngakhale mwini tochiyo anali pompo pakhonde, atatsamira chipupa, akupukuta galasi lake ndi nsonga ya malaya. Mkamwini sakalipira apongozi ake maso ndi maso. Amakalipira mkazi wake mokweza, mawuwo n'kukafika okha kumene akupita.

"Nkhumba inali yawo," Fainess anayankha uku akumasula chipulasitiki chomwe ankamanga m'chiuno pothyola tiyi. "Tsitsani mawu, bambo a Promise."

"Inali yawo, inde. Nanga madeya ankabweretsa ndani? Khola anamanga ndani? Ine ndimati ikakula tidzagulitse tidzapeze feteleza. Lero feteleza wathu ndi ameneyu, akuwala pakhondepa."

"Simunawafunse chifukwa chake."

"Chifukwa chake n'chiyani? Matochi ali mbwee pa Masambanjati, otchipa ngati tomato wa madzulo. Akanagula imodzi, yotsalayo n'kugula shuga. Koma ayi, apita kwa Zakeyu wokonza mafoni uja, munthu woti akhoza kukugulitsa nsapato zako zomwe wavala, ndiye wawauza kuti tochi yawo ikufunika injini. Injini. Kodi ndi thirakitala?"

A Stafford, bambo ake a Fainess, anangopitiriza kupukuta galasi lija. Tochiyo inali yakale, yachitsulo, yomwe anaigwira zaka zonse zimene anali mlonda pa esiteti ya tiyi. Zakeyu anachotsamo babu lofiirira lija ndi mabatire ake, n'kuikamo zimene iye ankazitcha injini: kababu koyera kochokera kunja, kagalasi kosonkhanitsa kuwala, ndi batire lotchaja ngati la foni. Kunja inali nkhalamba yomwe ija, yoperepeseka m'mbali. Koma ukaiyatsa, ngakhale masana, woyang'anamo ankatsinzina.

Bizwick atatopa kulankhula yekha anatenga njinga n'kutuluka. Fainess anakhala pansi pafupi ndi bambo ake. Pamaso pa mwamuna wake anawaikira kumbuyo, koma mumtima nayenso zinkamuwawa.

"Ababa, kunena zoona inenso sindikumvetsa."

"Bowa uja unakataya kuchimbudzi sabata yatha," iwo anatero, "unali wanji?"

Tsiku limenelo Fainess anapeza bowa umodzi woipa m'chitete chomwe bambo ake anabwera nacho, ndipo anauchotsa mwakachetechete, poganiza kuti palibe waona.

"Munandiona?"

"Ndikuone ndi maso ati? Ndinamva phazi lako. Munthu wopita kuchimbudzi sayenda monyang'ama chotero." Anaitembenuza tochi m'manja. "Maso angawa achita nkhungu, mwana wanga. Tochi wamba imangondionetsa kuti ichi n'choyera. Ndelema ndi woyera, wakupha uja ndi woyeranso. Kusiyana kwake n'kochepa, kumafuna kuwala kwenikweni. Ndikanakupha iwe ndi Promise ndi dzanja langa lomwe."

"Mukanangosiya kupita kubowako."

"Ndisiye, ndizingokhala pano kudya thukuta la mkamwini? Ndine ndani ine pamudzi pano?"

Mudziwo unali wa mayi ake a Fainess, malemu a Ester, amene anaikidwa chaka chatha. A Stafford anabwera kudzakwatira ali mnyamata, kuchokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Mwa mwambo, mkazi akamwalira abale ake amasudzula mwamuna, iye n'kubwerera kwawo. Koma kwawo kwa a Stafford kunatsala dzina lokha. Onse owadziwa anatha kalekale. Abale a malemu anali asanalankhule, komanso anali asananene kuti nkhaniyo yatha.

Masabata oyamba tochi inagwira ntchito yake. A Stafford ankadzuka tambala woyamba, ndipo dzuwa likamatuluka ankakhala atafika ndi chitete cha bowa wa ndelema ndi manyame, nthawi zina utale waukulu ngati chipewa cha kapitawo. Woipa sunapezekemonso. Fainess ankapatula wa ndiwo, wotsalawo n'kukausiya kwa mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu. M'nyumba munayamba kuoneka sopo ndi mchere zosapempha. Bizwick ankadya bowayo mpaka kunyambita zala, nkhope atayang'anitsa kumbali kuti asaoneke kuti akukoma.

Kenako kunabwera mphekesera. Inachokera kutali monga imachitira nthawi zonse, kwa mlamu wake wa mnzake wa munthu wina: anamapopa, opopa magazi aja, ayambiranso. Palibe amene anawaona, koma aliyense ankadziwa wina amene anadzuka ali lefu, m'nyumba mukununkha mankhwala. Ankati amayenda ndi getsi loyera lothwanima, loti likakuwalira miyendo imafa. Amuna anagoneka chipika pamsewu n'kuchitcha rodibuloko. Edson wakabaza, amene masana ankapempha anthu kuti akwere njinga yake, anasanduka bwana wofunsa anthu omwewo kumene akupita. Bizwick nayenso analowa gululo, chifukwa mwamuna wosalowa ankafunsidwa chimene akudziwa.

Tsiku lina masana, amayi ali pamzere wa sikelo ndi madengu awo a tiyi, a Lizzie, mng'ono wawo wa malemu a Ester, anatsitsa mawu monga amachitira munthu akafuna kuti aliyense amve.

"Ine ndaona ndi maso angawa. Ndinatuluka m'bandakucha, ndiye ndikuona getsi loyera mbee likutsetsereka m'munda wa tiyi wakumunsi uja. Kenako layamba kuphethira, ngati mphezi yopanda bingu. Kenako lalowa kukhwawa, zii."

Fainess anaseka mpaka dengu linagwedezeka kumsana.

"Mayi aang'ono, imeneyotu ndi tochi ya ababa. Kabatani kake ukadina kamodzi imawala, ukadinanso imachepa, ukadinanso imaphethira. Ndiye chala chawo chimanjenjemera, amangopitirira. Amakhala akupita kubowa."

Anayembekeza kuti anzake aseka naye. Palibe anaseka. Kalaliki wa pasikelo, amene anali atatsegula pakamwa kuti aitane wotsatira, anatsekanso. Fainess anadziwa pomwepo kuti lilime lamuthamangira.

"Tochi yotere amagulitsa golosale iti?" mayi wina anafunsa.

"Anaikitsa zam'kati kwa Zakeyu. Anagulitsa mwana wa nkhumba."

"Nkhumba yathunthu, kugulira tochi? Munthu wanzeru zake?" Mayiyo anayang'ana anzake. "Amatitu anthu aja akapeza wowalondolera m'mudzi, amam'patsa zipangizo."

"Nanga bowayo amakazula kuti?" a Lizzie anafunsa.

"Sindikudziwa. Inunso mukudziwa kuti malo a bowa munthu sauza mnzake."

"Mwana wawo weniweni sakudziwa," a Lizzie anatero, osayang'ana Fainess, koma amayi enawo.

Pofika madzulo nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo inali itanenepa panjira. Mayi wa m'mbali mwa msewu uja anabweza chitete chili chodzaza, nati makasitomala akuopa. Ana amene ankabwera kudzaona tochi ikuwalitsa nsonga za mibulugamu anayamba kulambalala nyumbayo. Zakeyu, atamva kuti dzina lake likutchulidwa, anatseka kashopu kake n'kupita kukaona azakhali ake odwala ku Goliati, amene palibe anawamvapo chiyambire. Fainess anabisa tochi mumtsuko wa nandolo, koma bambo ake anaipeza ndi manja, n'kupitabe. Anati bowa sadziwa za anamapopa.

Loweruka masana a Lizzie anabwera, nakana mkeka, nakhala pamwala pafupi ndi thandala la mbale.

"Fainess, ine ndine mayi ako, sindingakunamize. Anthu atopa. Ife abale tinachita ulesi, tikanawasudzula alamuwa chaka chatha chomwe. Tsopano taona. Akwere minibasi lero, akafike kumalire kusanade."

"Akafikire kwa ndani?"

"Munthu sasowa kwawo."

"Kwawo ndi kuno. Manda a mayi ali apo. Ine ndili pano."

"Iwe ndiwe wathu. Iwo anabwera." A Lizzie anakonza mpango kumutu. "Sindikunena kuti ndi anamapopa. Ine za anamapopa sindizidziwa. Koma akadzawotcha nyumba ino, moto sudzafunsa kuti wa kuno ndani, wobwera ndani."

Ali pakati polankhula Bizwick anafika, akukankha njinga m'malo moikwera. Anapereka moni kwa a Lizzie, nadikira kuti apite, kenako analowa m'nyumba n'kuitana mkazi wake.

"Edson ndi anzake akubwera mawa m'mamawa. Akuti awatenge madala akawafunse bwinobwino ku rodibuloko."

Kufunsa bwinobwino Fainess ankakudziwa. Mphekesera yomweyi itadutsa zaka zapitazo, anthu osalakwa anafa ndi miyala, ndipo amene anaponya miyalayo mawa lake anapita kumunda ngati palibe chachitika.

"Inu munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Anthu onse aja?"

"Munawauza kuti nkhumba ija munkaidyetsa ndinu? Kuti tsiku lija munakuwa mpaka a neba anamva? Kuti bowayo mumadya ndinu?"

"Ndikanayamba kutero akanati nanenso ndili momwemo." Bizwick anakhala pabedi, nayang'ana pansi. "Mayi a Promise, mwina mayi aang'ono akunena zoona. Apite kaye, zikazizira adzabwera. Ndinanena ine kuti tochi imeneyi ndi tsoka. Ikanakhala yotchipa ija, ndani akanaiona?"

"Akapita sadzabwera, mukudziwa. Akafera panjira ngati galu wopanda mwini."

"Nanga ine nditani?"

Fainess anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanali munthu woipa mwamuna wakeyu. Anali wamantha chabe, ndipo mantha akewo ankawaveka malaya a nzeru.

"Bambo a Promise, kwanu ndi kuti?"

"Funso lanji limenelo? Ku Nchilamwela, simukudziwa?"

"Munapitako liti komaliza? Munda wanu uliko? Nyumba?" Mawu ake anali otsika. "Inunso ndinu mkamwini pano. Ine nditagwa mawa m'munda wa tiyi, inu n'kukalamba pakhomo pano maso atachita nkhungu, mukufuna Promise adzakukwezeni minibasi? Mwamuna wake adzanene kuti apite kaye, zikazizira adzabwera? Zimene muchite mawa, dziwani kuti mukudziyalira nokha."

Bizwick anatuluka panja, nayamba kupopa matayala a njinga omwe anali olimba kale.

Chakumadzulo Fainess anapita kukanyumba ka bambo ake, komwe kanali kuseri kwa khola lopanda nkhumba lija. Anawapeza akusoka chitete ndi luzi, akuyendetsa zala m'malo mwa maso.

"Ababa, mwamva?"

"Makutu ndiye alipo."

"Auzeni kumene mumapita. Akaone okha, nkhani ithe."

"Malo a bowa sauza munthu. Ukauza mmodzi, mawa upeza mapazi okhaokha. Komanso ndi m'dera la kampani. Alonda a masiku ano sandidziwa."

"Ndiuzeni ine ndekha, ndikawalondolere."

"Iwe ndidzakuuza ndikadzatsala pang'ono kufa."

"Ndiye ndi mawa limenelo, ababa."

Zala zija zinaima. Fainess anali asanalankhulepo choncho kwa bambo ake, ndipo misozi inamutsika yokha, ya mantha ndi ya mkwiyo pamodzi. Anakwiyira a Lizzie, anakwiyira Edson, anakwiyiranso nkhalamba youma mutuyi imene inali yokonzeka kufera bowa.

"Ndinalonjeza munthu," a Stafford anatero pamapeto pake. "Pita ukagoneke mwana."

Kunacha ndi nkhungu yoti munthu sungaone khola uli pakhonde. Fainess anamva mapazi ambiri ndi kutsokomola kwa amuna amene akulimbitsana mtima. Anabereka Promise n'kutuluka. Edson anali patsogolo ndi chibonga, anzake ali ndi zikwanje ndi timatochi tawo ta pamsika. Kumbuyo kwawo kunali a Lizzie ndi amayi angapo, manja atapinda pachifuwa.

Pakhomo pa kanyumba kaja panali mpando, ndipo pampandopo panali Bizwick. Fainess sanamve nthawi imene anadzuka. Gulu litafika pafupi, iye anakhalabe.

"Bizwick, choka apo," Edson anatero. "Sitinabwerere iwe."

"Ine ndakhala pano, achimwene. Mukafuna kulowa mundinyamule ndi mpando womwe." Anagwiritsa mpandowo ndi manja onse awiri. "Nkhumba ija ndinkaidyetsa ndine. Tochi iyi palibe anawapatsa. Ndinakalipa tsiku lomwe anaigula, funsani aliyense wa makutu pamudzi pano."

"Ndiye ukuwaikira kumbuyo?"

"Ndi apongozi anga."

Chitseko chinatseguka kumbuyo kwake. A Stafford anatuluka atavala majombo awo akale a ulonda, chitete paphewa, tochi m'manja. Anagwira phewa la mkamwini wawo, chinthu chimene anali asanachitepo, namusuntha pang'ono.

"Mwachedwa," anauza gululo. "Bowa sadikira dzuwa. Amene akufuna kuona kumene ndimapita anditsate."

"Bweretsani kaye chinthucho," Edson anatero.

Anamupatsa. Edson anaitembenuza uku ndi uku, naisuzumira kugalasi ngati akuyang'ana m'botolo, chala chake n'kupeza kabatani. Kuwala kunamumenya m'maso. Podzidzimuka anadinanso, nadinanso, ndipo tochi inayamba kuphethira pankhope pake penipeni. Chibonga chinamupulumuka n'kumugwera pachala cha kuphazi. Anadumpha ndi mwendo umodzi, tochi ikuphethirabe m'manja mwake, ikuwalitsa denga, mitengo ndi nkhope za anzake.

"Miyendo yafa, a Edson?" mayi wina anafunsa kumbuyo, ndipo wina analephera kudzigwira, anaseka.

"Ikatero mumadinanso kamodzi," a Stafford anatero. "Nanenso imandivuta."

Edson anaibweza msanga, koma nkhope inali yolimbabe. Munthu amene wadzutsa anzake m'mamawa ndi zikwanje savomera msanga kuti wawadzutsira chabe.

"Tochi taiona. Tikaone kumene imapita."

Analowa m'munda wa tiyi motsogozana, m'kanjira ka othyola, masamba onyowa akuwamenya m'ntchafu. Timatochi ta pamsika tija tinkangoyera pamphuno pa eni ake, nkhungu n'kutimeza. Ina inazima, mwini wake n'kuyamba kuimenya pachikhatho. Ya a Stafford yokha ndiyo inkaboola nkhungu n'kuonetsa njira, moti posakhalitsa amuna onse amene anabwera kudzagwira nkhalamba ankayenda mounjikana kumbuyo kwake, akuponda pomwe yaponda.

Kumapeto kwa munda kunali waya wa kampani, wogwa pakati. Kupitirira apo nthaka inatsetsereka kulowa m'khwawa. Apa ndi pomwe Fainess anaona koyamba mmene bambo ake ankapezera sopo ndi mchere uja. A Stafford anakhala pansi m'matope, naluma chingwe cha tochi ndi mano, n'kuyamba kutsika chokhala, dzanja likufufuza muzu, phazi likufufuza mwala. Muzu uliwonse ankaudziwa. Pena ankaima kupuma, chifuwa chikulira. Tsiku lililonse ankatsika chonchi okha, iye ali m'tulo. Fainess anachita manyazi ndi chisoni, ndipo anaona kuti amayi aja nawonso asiya kunong'onezana.

Pansi pa khwawa panali kankhalango ka misuku kamene kampani inakasiya podzala tiyi, chifukwa thirakitala sikanafikako. A Stafford anaimirira, napukuta manja m'thalauza, nayendetsa kuwala pansi pa mitengo pang'onopang'ono. Ndelema anali mbuu, wina atatambasula, wina akungotumphuka kumene m'masamba ofota. Manyame anali psuu m'mbali mwa mwala. Pachulu chakumtunda panali utale uwiri.

Edson anayang'ana chibonga chake ngati wina wangomugwiritsa.

A Lizzie sankayang'ana bowa. Ankayang'ana mwala waukulu wong'ambika pakati, womwe mumng'alu mwake munamera mkuyu. Anausendera, naugwira ndi dzanja.

"Malo ano ndikuwadziwa," anatero motsitsa. "Amayi ankatibweretsa kuno tili ana, waya asanaike. Ine ndinkakhala pamwala apa kulira njala, achemwali akuzula."

"Anandionetsa ndi iwowo, achemwali anu," a Stafford anatero. "Chaka chomwe tinakwatirana. Anati ndi malo a amayi awo, ndisadzauze munthu kufikira nditadzaonetsa mwana wathu. Atadwala anandikumbutsanso. Lero ndawalakwira."

"Ine ndinaiwala ngakhale njira yake," a Lizzie anatero. Anakhala pamwalapo, nakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba kumaso.

Amuna aja anaima mosowa chochita. Amene anawapulumutsa ndi mmodzi wa iwo, yemwe anakumbutsa anzake kuti onse ali m'dera la kampani ndi zikwanje m'manja, ndipo alonda akawapeza palibe adzakhulupirire kuti anabwera kudzaona bowa. Atatero anavula chipewa n'kuyamba kuzuliramo. Ena anavula malaya. Edson anayamba monyinyirika, koma pa utale umodzi mwa uwiri uja, woyamba kufika anali iye. Aliyense akazula ankabwera nawo kwa a Stafford kuti auwalitse, ndipo iwo ankautembenuza pansi pa tochi n'kunena kuti uwu idyani, uwu tayani kutali. Pobwerera, Bizwick anawabereka apongozi ake pokwera chitunda, iwo akuwalitsa njira pamwamba pa phewa lake.

Sabata isanathe anamapopa anamveka kuti asamukira dera lina, kutsidya kwa mtsinje. Chipika cha rodibuloko chinawazidwa nkhuni. Zakeyu anabwerako, azakhali ake atachira mwadzidzidzi, ndipo amuna awiri a gulu lija anapita kukafunsa mtengo wa injini, n'kubwerako akupukusa mitu. Palibe anabwera kudzapepesa. Kwathu kuno kupepesa kwa anthu ambiri ndi moni wokweza, ndipo Edson ankapereka moni kwa a Stafford ali kutali, mpaka kutsika panjinga.

Koma zimene nkhalamba inanena zinachitika. Kukhwawa kuja kunayamba kupita mudzi wonse, ena ndi makasu, kukumba ngakhale bowa wosatumphuka. Alonda anazindikira, namanga waya watsopano. A Stafford anapitako kamodzi, nabwerako chitete chili chopanda kanthu, ndipo sanapitenso. Ankakhala pakhonde tsiku lonse, tochi ili pamiyendo. Chakudya ankangotola pang'ono n'kukankha mbale.

"Idyani, madala," Bizwick ankatero, akulankhula nawo mwachindunji tsopano. "Tochi ndakutchajirani. Ndinanena zambiri ine za tochi imeneyi, koma tsiku lija tikanathyoka miyendo tonse."

"Yagwira ntchito yake," iwo ankayankha. "Mwini wake ndiye watha ntchito."

Fainess ankawamva ndipo mtima sunkakhala pansi. Bambo ake anapulumuka, koma anagula moyo wawo ndi chinthu chokhacho chimene ankaimira nacho pamudzipo. Nkhani ya kusudzula inali isanatsekedwe. A Lizzie anali asanapondepo pakhomopo chichokereni kukhwawa, ndipo pasikelo ankaima kumapeto kwa mzere, osayang'ana munthu.

A Lizzie anabwera Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi, kamvula kakuwaza. Fainess anawaona akutulukira kunjira ya kumanda, khasu paphewa, chinthu chokulunga m'thumba la feteleza chili pamutu. Anasiya mbale zimene ankatsuka, naima pakati pa bwalo. Ngati abwera ndi mawu a abale, ayambe adutsa pa iye.

A Lizzie anamulambalala, nakafika pakhonde, natula katundu wawo. Anagwada pang'ono, napereka moni m'Chilomwe.

"Mosheliwa, alamu?"

"Kosheliwa," a Stafford anayankha, akutembenuzira khutu kumene kunkachokera mawu.

"Ndachokera kwa achemwali. Ndinakalimirako pang'ono, udzu unakula." Anamasula thumba lija. Munali mwana wa nthochi wonenepa bwino, dothi lili kumizu. "Uyu ndi wa mtundu watsopano uja, wosagwidwa matenda. Ndakumba kudimba kwanga. Ndalankhula ndi achimwene ndi ena onse. Mudzale kuseri kwa nyumba yanu."

Fainess anagwira pakamwa. Mkamwini amadzala chimanga, nandolo, mbatata, zinthu zoti akakolola akhoza kunyamuka. Chokhalitsa sadzala pamudzi pa mkazi wake, chifukwa nthaka si yake. Zaka zonse zimene bambo ake anakhala pamudzipo anali asanadzalepo ngakhale papaya.

A Stafford anaika tochi pambali. Anatambasula manja, a Lizzie n'kuwaikira mbewuyo. Anaisisita kuyambira kumizu mpaka kunsonga, kenako anabwerezanso.

"Nthochi imachedwa kubereka, alamu," anatero.

"Mukuthamangira kuti?" a Lizzie anafunsa.

Nkhalamba inaimirira, inapempha khasu, n'kuzungulira kuseri kwa kanyumba kake, ikuyesa nthaka ndi chidendene kufuna pofewa. Bizwick anathamangira kuti alandire khasulo.

"Ayi, mwana wanga," a Stafford anatero. "Iwe katenge manyowa kukhola. Dzenje ili ndikumba ndekha."